Kachipande Konyamula Munthu

Amayi anga akaphika therere, ankapungulako pang'ono m'kambale, n'kuvundikira ndi kambale kanzake, n'kundiitana: "Iwe, katule ndiwozi kwa azakhali ako. Uziyenda bwino." Kuchokera pakhomo pathu kukafika kwa azakhali sipanali patali, kungodutsa nkhokwe ndi khola la mbuzi, koma ndinkayenda ngati ndasenza mtsuko wodzaza. Amene ananyamulapo therere akudziwa chifukwa chake. Ndiwo zina zikatayika zimatayika pang'ono, zotsala n'kutsala. Therere silitero. Mbale ikangopendekeka, dontho loyamba limakoka linzake, linzakelo n'kukoka lina, mpaka lonse lili pa dothi, iwe utagwira mbale yopanda kanthu.

Kambaleko sikankabwerera tsiku lomwelo. Kankagona kwa azakhali masiku awiri, mwina sabata yathunthu, kenaka n'kutulukira kali ndi nkhwani wotendera, kapena tiusipa, nthawi zina mchere chabe. Sindinamvepo amayi akuwerengera kuti ife tatumiza katatu, iwo kamodzi. Ankangoti kachipande ka therere kamakoma n'kuyenderana.

Mwambi umenewu wakhala ukundibwerera pa malo amene amayi sakanawaganizira: mu ofesi yaing'ono ya maloya kumpoto kwa England, kumene ndagwira ntchito kwa zaka zingapo tsopano. Ntchito yathu ndi imodzi yokha. Timathandiza makampani ofuna kulemba ntchito anthu ochokera kunja kwa Britain: kupempha chilolezo cha boma, kukonza mapepala a viza, ndi kusunga malamulo amene amadza ndi chilolezocho. Za kugula nyumba sitizikhudza, za kuthetsa maukwati ayi, milandu ya upandu ayi. Ndipo funso limene limabwera mwezi uliwonse, lendi ya ofesi ikayandikira, ndi lakuti anthu ofuna thandizo lathu atipeza bwanji.

Amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pa ntchito zambiri za uloya zimaterodi. Womangidwa amadziwa kuti akufuna loya, wochotsedwa m'nyumba amadziwanso. Koma pa nkhani za viza za antchito, wodwala nthawi zambiri sadziwa kuti akudwala. Mwini kampani amadzuka ndi nkhawa ya malipiro, ya msonkho, ya makina amene aima. Vuto la viza limabisala m'kati mwa nkhani ina, ndipo oyamba kuliona, ngati ali ndi maso, si ife. Ndi akauntanti amene akukonza malipiro a mwezi, mkulu woyang'anira antchito, loya wa za malonda amene akulemba mgwirizano wogulitsa kampani, ofesi yofunira makampani antchito. Anansi athu ndi amenewa, ndipo ofesi ngati yathu imadya chifukwa cha iwo. Zotsatsa za pa intaneti zimabweretsa ochepa, ndipo ambiri mwa ochepawo amafika madzi ali kale m'khosi.

Ndifotokoze pang'ono mmene zilili kuno. Kuyambira pa 1 Januwale 2021, Britain itatuluka mu European Union, munthu wa ku Poland kapena ku Spain wobwera kumene kudzagwira ntchito amafunika viza, chimodzimodzi wa ku India kapena wa ku Malawi. Kampani yofuna kumulemba ntchito iyenera kukhala ndi laisensi yochokera ku unduna wa za m'dziko, Home Office, imene amaitcha sponsor licence. Ndikamafotokozera anzanga a kwathu ndimati kampaniyo imakhala nkhoswe. Imaima pamaso pa boma n'kunena kuti munthuyu ndikumudziwa, ntchito yake ndi iyi, malipiro ake ndi awa, akasowa ndidzakuuzani. Unkhoswewo uli ndi masiku ake owerenga. Wantchito akasiya ntchito, akasintha udindo, kapena malipiro ake akatsika, kampani iyenera kudziwitsa boma pasanathe masiku 10 ogwira ntchito. Kampani ikagulitsidwa, laisensi siyenda nayo ngati mipando ndi makompyuta. Pamafunika kupempha yatsopano pasanathe masiku 20 ogwira ntchito, pokhapokha wogulayo akhale ndi yakeyake yoti antchitowo asamukirepo. Laisensi ikalandidwa, wantchito amene viza yake inatsamira pa iyo amalandira kalata yomupatsa masiku 60 kuti apeze nkhoswe ina kapena achoke m'dziko. Ndipo kuyambira Febuluwale 2024, wolemba ntchito munthu wopanda chilolezo angalipitsidwe chindapusa chofika mapaundi 45,000 pa wantchito mmodzi, akabwereza n'kufika 60,000.

Masiku 20 amenewo ndiwo anandiphunzitsa zambiri mwa zimene ndikudziwa za kuyenderana. Chaka china tinalandira foni kuchokera kwa loya wa za malonda wa mumzinda womwewo, bambo odziwa ntchito yawo, amene anali atangomaliza kugulitsa kampani yaing'ono yopanga zipangizo za makina. Zonse anaziona bwino: mtengo, ngongole, nyumba, penshoni ya antchito. Patapita milungu 6, mayi oyang'anira antchito pa kampanipo anafunsa mwaulemu ngati kusintha kwa eni ake kunali ndi kanthu pa mainjiniya atatu ochokera kunja. Pamene mapepala ankasainidwa panalibe amene anafunsa funsolo. Masiku 20 anali atapita kalekale.

Tinapempha laisensi mochedwa momwemo, tinalemba kalata yofotokoza zonse mosabisa, ndipo pamapeto pake zinatheka. Koma sindimuiwala mmodzi mwa atatuwo, bambo amene mwana wake anali atangoyamba sukulu, mkazi wake ali woyembekezera. Nthawi yonse yodikira yankho ankandiimbira Lachisanu lililonse, osakalipa, kungofunsa ngati kalata yafika. Ankayamba ndi kupepesa kuti akundisokoneza. Iye sanalakwe kanthu. Kampani sanaigule, sanaigulitse, ndipo sankadziwa n'komwe kuti pali masiku amene akuwerengedwa pamutu pake. Kwathu amati nkhuyu zodya mwana zinapota akulu. Apa nkhuyu anadya akuluakulu, wopotedwa n'kukhala wamng'ono.

Nkhaniyo itatha ndinapita kukaonana ndi loya uja. Odziwa za kutsatsa malonda akanandiuza kuti nditenge kabuku konyezimira kofotokoza za ofesi yathu. Ine ndinatenga funso limodzi lolemba pa pepala, n'kuwapempha kuti aliike pa mndandanda wa zimene amafunsa kampani iliyonse isanagulitsidwe: kodi pali wantchito amene viza yake yatsamira pa kampani ino? Ndinawauza kuti yankho likakhala inde aimbe foni asanasaine kanthu, kaya kwa ife, kaya kwa wina aliyense wodziwa ntchitoyi. Anawerenga pepalalo kawiri, n'kuliika pansi pa kapu yawo ya tiyi.

Ndimakhulupirira kuti therere loyamba limene ofesi ngati yathu ingatumize kwa mnansi ndi limeneli. Wakutsina khutu ndi mnansi. Achinyamata ambiri olowa kumene ntchitoyi amayamba ndi kupempha: mukakhala ndi munthu wa za viza, mundikumbukire. Wopemphedwayo amavomera ndi mutu n'kuiwala asanafike pa galimoto, ndipo sakulakwa, chifukwa sakudziwa kuti munthu wa za viza amaoneka bwanji. Kwa iye amene wakhala patsogolo pake ndi mwini lesitilanti wofunsa za msonkho. Chofunika ndi kumuonetsa dzenje limene lili pa njira yakeyake, limene kasitomala wake akagweramo, dzina la iye mwini ligwera momwemo. Kwa akauntanti dzenjelo ndi malipiro otsika chifukwa wantchito wachepetsa maola. Kwa loya wa za antchito ndi kalata yochotsa munthu ntchito, imene kwa mbadwa imatanthauza kusaka ntchito ina, pomwe kwa mlendo imayambitsa kuwerenga masiku a banja lonse. Kwa wokonza maulendo ndi katswiri wobwera ngati mlendo wa ku msonkhano, amene akuloledwa kukambirana ndi kusaina mgwirizano, koma osati kukhala pa desiki n'kumagwira ntchito ya kampani ya kuno.

Ndipo kutsina khutu kumeneku si kwa tsiku limodzi, chifukwa malamulowa sakhazikika. Malipiro ochepetsetsa a viza ya Skilled Worker anali mapaundi 26,200 pa chaka. Pa 4 Epulo 2024 anakwera kufika 38,700, ndipo pa 22 Julayi 2025 anafika 41,700. Tsabola wakale sawawa. Akauntanti amene anamva nambala yoyamba ija pa msonkhano wina n'kuisunga m'mutu, lero akhoza kusocheretsa munthu ndi mtima woyera. N'chifukwa chake chinthu chikasintha timalembera anansi athu kalata ya mizere isanu yonena chimene chasintha ndi amene chikumukhudza. Yaitali saiwerenga, ndipo sindiwada nazo.

Pali malire pamenepa amene ndimawaopa. Kumupatsa mnansi maso si kumubwereka pakamwa pathu. Kandimverere adakanena za m'maluwa. Ndamvapo uphungu wathu womwe utabwerera kwa ife utadutsa pa anthu atatu, utasanduka chinthu chimene sitinanene: ife tinati pa nkhani ya munthu uyu n'zotheka chifukwa cha tsiku limene analowa m'dziko, iwo anamva kuti n'zotheka kwa aliyense. Lamulo la kuno, Immigration and Asylum Act ya 1999, limati kupereka uphungu wa za viza monga bizinesi popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo chilango chake chimafika zaka ziwiri kundende. Bungwe loyang'anira zimenezi linkadziwika kuti OISC, ndipo kuyambira Januwale 2025 limatchedwa Immigration Advice Authority. Mnansi amene ndimamulemekeza kwambiri ndi wodziwa poimira, amene amati: "Ili ndi funso la viza, ine sindiyankha, koma ndikudziwa woti mumufunse." Mawu amenewa amafuna kudzichepetsa, makamaka kwa munthu amene kasitomala wake anazolowera kuti amadziwa zonse.

Tsopano za ndalama, zimene ambiri amazizemba polankhula koma amaziganizira. Ku England loya amaloledwa, pa nkhani zambiri, kulipira munthu amene wamutumizira kasitomala. Bungwe loyang'anira maloya, Solicitors Regulation Authority, limafuna kuti kasitomala auzidwe ngati womutumizayo akupindulapo, ndiponso kuti mgwirizano wogawana malipiro ulembedwe. Pa milandu ya ovulala pangozi malipiro oterowo analetsedwa kuyambira Epulo 2013, patamveka madandaulo ambiri akuti mayina a anthu ovulala ankagulitsidwa ngati katundu. Maloya a gulu lina, otchedwa barrister, saloledwa konse kulipira kapena kulandira ndalama zoterozo. Ndiye kuti ofesi yathu, itatsata malamulo, ikhoza kulipira komishoni, ndipo ndikudziwa maofesi oona mtima amene amatero.

Ine ndimakana, ndipo si chifukwa chakuti ndalama ndi yodetsedwa. Akauntanti akatitumizira munthu popanda kulandira kanthu, chifukwa chake ndi chimodzi: akukhulupirira kuti timuthandiza bwino. Tsiku limene tidzayambe ulesi, kuchedwa kuyankha, kuponyera ntchito kwa wophunzira wosayang'aniridwa, iye adzaleka kutumiza, ndipo kuleka kwakeko ndi belu lotidzutsa. Akayamba kulandira gawo la malipiro athu, belulo latsekedwa ndi nsanza. Adzatumizabe ngakhale atamva madandaulo, adzadziuza kuti inali ngozi ya tsiku limodzi, ndipo ife tidzagona tikuyesa kuti zonse zili bwino. Lende n'kukankhana, inde. Koma wokankha wolipidwa saonanso ngati chingwe chadyeka, ndipo amene ali pa lendepo si iye, si ife.

A kwathu tikuwadziwa madobadoba, anyamata oima pa zipata za maofesi n'kumati, bwana ndikuthandizeni, ndikudziwa munthu m'katimo. Zinandipweteka kuwapeza kunonso, ena a iwo akulankhula chinenero changa chomwe. Mu Febuluwale 2022 boma linatsegula viza ya osamalira okalamba ndi odwala, chifukwa nyumba zosamalira okalamba zinalibe antchito. Anabwera anthu zikwizikwi, a ku India, a ku Nigeria, a ku Zimbabwe, ena a kwathu. Olemba ntchito ambiri anali oona mtima. Koma panadzuka ena ogulitsa chikalata chimene kampani imapatsa wantchito kuti akapemphere viza, chimene aliyense amangochitcha CoS, pa mtengo wa mapaundi zikwi zingapo. Anthu anagulitsa malo, anagulitsa ng'ombe, anatenga katapila, n'kufika kuno kudzapeza kuti ntchito kulibe, kapena ilipo ya maola ochepa osakwana lendi ya chipinda. Boma linanena kuti pakati pa Julayi 2022 ndi Disembala 2024 linalanda malaisensi oposa 470 m'gawo limeneli, ndipo antchito oposa 39,000 anali atadutsa m'manja mwa makampani amenewo. Mu Malichi 2024 obwera kumene pa vizayi analetsedwa kubwera ndi mabanja awo, ndipo pa 22 Julayi 2025 khomo linatsekedwa kwa ofunsira ali kunja.

M'nyengo imeneyo kunabwera ku ofesi kwathu bambo wina wofunira makampani antchito. Anali waulemu, wovala bwino, wodziwa malamulo kuposa makasitomala athu ambiri. Anati ali ndi makampani angapo atsopano ofuna laisensi, ndipo iliyonse idzafuna antchito makumimakumi. Inali ntchito yokwana chaka, ndipo sankafuna ngakhale komishoni. Sindibisa, mtima wanga unakopeka, chifukwa miyezi imeneyo ofesi inali pa mavuto ndipo ndinkadziwa amene akanayamba kuchotsedwa. Tinamufunsa kuti okalamba amene antchitowa adzawasamalire ali kuti, ndipo mgwirizano ndi khonsolo uli kuti. Anati zonsezo zili m'njira. Tinamufunsa ngati wantchito amalipira kanthu kuti apeze malo. Anamwetulira n'kuti aliyense amayamika monga angathere. Mkulu wa ofesi yathu, mayi osalankhula zambiri, anatseka kope lawo n'kumuthokoza chifukwa chobwera.

Atatuluka ndinazindikira chimene ankafuna kugula. Mafomu akanatha kulemba yekha. Ankafuna dzina la ofesi ya maloya pa mapepala ake, kuti mtsikana wa ku Bulawayo kapena wa ku Zomba akaona chidindo chathu akhulupirire n'kutumiza ndalama. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, ndipo tsiku limenelo mbuzi yokondwayo tinali ife. Tikanavomera, mbale ikanapendekeka. Akauntanti akanamva, loya wa za malonda uja akanamva, ndipo dontho limenelo likanakoka zonse zimene tinasonkhanitsa kwa zaka. Koma ndikanama nditanena kuti choopsa chachikulu chinali dzina lathu. Dzina limatha kumangidwanso, ngakhale movutikira. Malo a makolo ogulitsidwa sabwerera.

Zonsezi ndi za kulandira. Kutumiza n'kovuta kuposa pamenepa, ndipo apa ndi pamene ine ndinalakwa.

Ofesi ngati yathu imalipidwa ndi kampani, koma amene amakhala patsogolo pathu ndi pasipoti m'manja ndi wantchito, ndipo mumtima mwake amatiyesa maloya ake. Zinthu zikamayenda bwino palibe chovuta, chifukwa onse akufuna chinthu chimodzi. Koma tsiku limene kampani ikufuna kumuchotsa, kapena iye akufuna kusamukira kwina, kapena malipiro sakufika monga analonjezera, njira zimapatukana. Mapanga awiri avumbwitsa. Tiyenera kumuuza poyera, kuyambira tsiku loyamba, kuti ife tikuimira ndani, ndipo zikafika pamenepo tiyenera kukhala ndi khomo lina lomulozera: loya wothandiza anthu paokha, Citizens Advice, malo a uphungu waulere a m'mizinda, kapena bungwe la antchito monga UNISON. Ofesi imene inadzipezera anansi oitumizira makampani okha, osadzipezera oti izitumizako anthu, ili ngati nyumba ya chitseko cholowera chokha.

Tsiku lina madzulo anandiimbira abusa a mpingo wina wa anthu a kwathu, munthu wachikulire amene anandilandira nditangofika m'dziko muno.

"Mwana wanga, pali mlongo wathu pano. Kalata yamufika, akuti masiku 60. Kampani yake ailanda laisensi, ndipo miyezi iwiri sanalipidwe. Ndamuuza kuti ndili ndi mwana wanga wodziwa zimenezi."

"Abusa, ife timathandiza makampani, nkhani ngati imeneyi sitiigwira. Koma ndikudziwa loya wina, ndikutumizirani nambala yake pompano."

Loyayo ndinali nditakumana naye kamodzi kokha, pa msonkhano wa maloya, ndipo analankhula bwino kwambiri za ufulu wa alendo. Sindinamuimbire, sindinafunse aliyense amene anathandizidwapo naye, sindinafunse ngati anali ndi mpata mwezi umenewo. Ndinatumiza nambala n'kumva mumtima kuti ndathandiza. Patapita milungu itatu abusa anaimbanso. Mayiyo anali atalipira ndalama yoonana ndi loyayo, ndalama yobwereka, ndipo chichokereni tsiku limenelo mafoni ake sankayankhidwa. Masiku 21 mwa 60 aja anali atapita.

Ndinapepesa, koma pepani sapoletsa chilonda. Usiku umenewo ndinagona ndikuganiza za njira ya pakati pa nkhokwe ndi khola la mbuzi. Amayi ankanditumiza ndi therere, lomwe likatayika mawa aphika lina, koma ankandiuzabe kuti ndiziyenda bwino. Abusa anandipatsa munthu, ndi masiku ake owerengeka, ine n'kuthamanga naye. Mayiyo sanakhulupirire loya uja chifukwa cha loyayo. Anakhulupirira abusa, abusa anakhulupirira ine, ine ndinakhulupirira mawu okoma a pa msonkhano. Chikhulupiriro chonsecho chinali chobwereka, ndipo mwa anthu anayife, amene analibe kanthu kotaya ndi amene anali womaliza pa mzerewo, loya uja.

Mayiyo anapeza ntchito ina masiku asanathe, kudzera mwa mnzake wa mumpingo amene bwana wake anali ndi laisensi yabwino, ndipo za malipiro ake zinakagwiridwa ndi bungwe la antchito. Ine ndinangothandiza kumupezera khomo lachiwirilo, nditaimba foni kaye. Abusa anakhala pafupifupi chaka osanditumiziranso munthu, ndipo anachita bwino.

Chiyambire pamenepo sindipereka nambala yokha. Ndimayamba ndamuimbira amene ndikufuna kutumizako, kumufunsa ngati ali ndi mpata sabata ino, osati mwezi wamawa, ndi kuti adzalipiritsa zingati. Ndimamuuza munthuyo mtengowo asananyamuke, kuti asakachite manyazi pa desiki ya wina. Ndimamupempha chilolezo ndisanatchule dzina lake kwa aliyense, chifukwa nkhani ya viza ndi ya chinsinsi kuposa mmene ambiri amaganizira; pali anthu amene ngakhale abale awo sadziwa kuti masiku awo akuwerengedwa. Pakatha sabata ndimaimbanso kufunsa ngati anaonana. Zimadya nthawi imene palibe amatilipira. Koma ankhoswe enieni sathera ntchito pa tsiku la ukwati, amabweranso pamene m'nyumba mwayamba kumveka phokoso. Ndipo mndandanda wanga wa anthu otumizako ndi waufupi kuposa kale. Ena anachokapo osati chifukwa chosadziwa malamulo, koma chifukwa chosayankha foni.

Chimene chimavutitsa anzanga ambiri a ntchito ngati yathu n'chakuti kambale sikabwerera mofanana. Akauntanti mmodzi akhoza kutitumizira makampani khumi pa chaka, ife n'kumutumizira imodzi, chifukwa obwera kwa ife amakhala ali naye kale wawo. Ena amachita nazo manyazi, n'kuyamba kufunafuna aliyense woti atumize kuti alipire ngongole, ngakhale munthuyo akanathandizidwa bwino kwina. Kumeneko ndi kusandutsa munthu ndalama yobwezera, ndipo sikusiyana kwenikweni ndi komishoni ija. Azakhali sankabweza therere pa therere. Ankabweza chimene chinali pa moto pawo.

Chimene chili pa moto pathu n'chochepa koma chenicheni. Kasitomala amene mnansi watitumizira timamubweza ali wathunthu, osamunyengerera kuti asamutsire ntchito zake zina kwa anzathu ena. Apa ofesi yaing'ono yogwira ntchito imodzi ili ndi mwayi umene maofesi aakulu ogwira zonse alibe: loya wa za malonda satiopa, chifukwa akudziwa kuti makampani sitigulitsa. Mnansi akaimba Lachisanu madzulo ndi funso laling'ono, timayankha popanda kutumiza bilu. Kasitomala akalola, timamudziwitsa wotumizayo kuti nkhani yafika pati, kuti asamve kwa ena. Ndipo nkhani ikakhala yosatheka timanena tsiku loyamba lomwelo, ngakhale zitanthauze kuti sitilandira kanthu. Ndaona akauntanti wina akutikhulupirira kwambiri tsiku limene tinauza kasitomala wake kuti asawononge ndalama, ntchito imene ankafuna kulembera munthu sinkakwana pa malamulo, kusiyana ndi masiku onse amene tinapambana.

Zimatenga zaka, ndipo sizikhala ndi tsiku lodziwika limene zinayambira. Mtsikana amene anali wothandizira mu ofesi ya antchito, amene tinamufotokozera moleza mtima kawiri katatu mmene amadziwitsira boma za kusintha kwa malipiro, lero ndi mkulu pa kampani ina, ndipo anatitengera komweko. Ena amene tinadya nawo nkhomaliro kambirimbiri sanatumizepo munthu, ndipo palibe mlandu.

Loya wa za malonda uja anakhala chete pafupifupi zaka ziwiri. Ndinkaganiza kuti pepala lija linatayidwa pamodzi ndi masamba a tiyi. Kenaka m'mawa wina foni inalira.

"Pepani kukusokonezani m'mamawa. Ndili ndi kampani ina ikugulitsidwa, tikuyembekeza kusaina miyezi itatu ikubwerayi. Ndafunsa funso lanu lija, ndipo akuti alipo anayi. Wina ali ndi ana awiri pa viza yake. Ndawauza eni ake kuti sitipitirira tisanalankhule nanu, ndipo avomera kuti ndikupatseni zonse."

Miyezi itatu inali yokwana kukonza zonse popanda wina kugona ndi mantha. Ndinakoka kope, n'kuwapempha kuti anditchulire anayiwo mmodzimmodzi, dzina, ntchito yake, ndi tsiku limene viza yake ikutha, kuyambira ndi wa ana awiriyo.